Amene amaidziwa Durak ya ku Russia ija andithandize malamulo

WaLikhubula:
Abale ndithandizeni. Ine ndimanyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje, ndiye sabata yatha chiperoni chinatitsekera ku Chambe tsiku lonse, alendo anga anali a ku Russia ndipo anangotulutsa makadi nkumasewera ina yake akuti Durak mpaka kandulo kutha. Ndinkangoona wina akuponya, wina akuphimba, kenako wina nkuwola makadi onse apatebulo anzake akuseka. Ndikufuna tizisewera ndi anyamata tikamadikira alendo. Amagawa angati, nanga wopambana amadziwika bwanji?

MkuluWaLuchenza:
Achimwene, mu Durak mulibe wopambana, muli woluza mmodzi yekha, amene watsala ndi makadi mmanja anzake onse atamaliza, ndipo ameneyo ndiye durak, chitsiru. Gulani paketi wamba yapagolosale muchotsemo ma 2, 3, 4, 5 ndi majoka, atsale 36. Kukula kwake kumayambira pa 6 mpaka 10, kenako J, Q, K, pamwamba A. Aliyense mumpatse makadi 6. Otsalawo muwaike pakati chozondotsa koma imodzi muitembenuze nkuilowetsa pansi pa muluwo kuti izioneka, mtundu wa imeneyo ndi umene ukulamulira gemu yonse, eni ake amati kozyr. Ikakhala ya mtima ndiye kuti ngakhale 6 ya mtima ikudya A wa dayamondi.

Amayamba ndi amene ali ndi kozyr yaying'ono kuposa onse, amaponyera wakumanzere kwake. Woponyeredwayo aphimbe ndi yaikulu ya mtundu womwewo, apo ayi ndi kozyr, ndipo kozyr imaphimbidwa ndi kozyr inzake yaikulu basi. Apa mpamene pamakoma tsopano, woponya uja ngakhale enanso ali pabwalopo atha kuwonjezera khadi bola nambala yake ikhale yoti ili kale patebulo, mwachitsanzo mwaponya 7 iye waphimba ndi 10 ndiye kuti ma 7 ndi ma 10 onse aloledwa kumugwera, koma oponyedwawo asapitirire makadi 6 komanso asapose makadi amene iye ali nawo mmanja. Akaphimba onse, makadiwo amatayidwa pambali osabwereranso ndipo iyeyo ndiye aponyere wotsatira. Akalephera ngakhale imodzi amatola onse, ophimba kale aja omwe, nkudumphidwanso. Mukatero aliyense atenge pamulu mpaka akwanenso 6, woponya ndiye ayambe, wophimba amalizire.

MayiWaBvumbwe:
Ine nkhawa yanga ndi njuga. Kwathu kuno anyamata akangolandira yothyola tiyi kapena yogulitsa ndiwo pamsika imathera pa makadi kuseri kwa magolosale, ana kunyumba akugona ndi njala, ndiye mukabweretsanso ina yachilendo si moto umenewo? Chonde bambo inu musaikepo ndalama.

MkuluWaLuchenza:
Mayi mukunena zoona ndipo nkhani imeneyi si yoseka. Koma iyi sifuna ndalama kuti ikome, ku Russia amasewera agogo ndi zidzukulu pakhomo, ena msitima paulendo wautali. Chilango chake nchakuti woluza ndiye amasakaniza nkugawa makadi ulendo wotsatira, basi.

ChitakaleBoy:
Madala alongosola bwino, ine ndingowonjezera zamutu. Musamathamangire kuwononga kozyr poyambirira, tayani kaye ma 6 ndi ma 7 wamba, chifukwa mulu wapakati ukatha palibenso kotenga ndipo amene wasunga A kapena K wa kozyr ndiye amavuta anzake. Nthawi zina kutola dala nkwabwino, munthu wakuponyerani 6 imodzi yokha ndipo choti muphimbire ndi Q wa kozyr, ine ndimangotola ameneyo, Q wanga adzandipulumutsa kumapeto. Komanso muziika diso pa zimene mnzanu watola chifukwa mwazionatu, mukudziwa kuti ali nazo. Ndipo yotembenuza ija ili pansi penipeni musaiiwale, amaitenga ndi womaliza kutenga pamulu.

WaLikhubula:
Zikomo kwambiri akuluakulu, ndipo mayi ndamva, ndalama ayi. Koma ndinaona china, wina ataponyeredwa 8 sanaphimbe, anangoika 8 inzake pambali pake nkumuloza wotsatira. Kumeneko sikuba?

ChitakaleBoy:
Sikuba achimwene, umenewo ndi mtundu wina amati perevodnoy. Ukaponyeredwa 8 iwe uli ndi 8 usanaphimbe kalikonse utha kukankhira zonse ziwiri kwa wakumanzere kwako, nayenso akakhala ndi 8 akankhenso, bola wolandirayo akhale ndi makadi okwanira kuphimba. Yomwe afotokoza madala ndi podkidnoy, yambani ndi imeneyo anyamata azolowere kaye, ndipo muzigwirizana musanagawe kuti lero ndi iti kuopa mkangano. Mukhale atatu kapena anayi, mukakwana 6 makadi onse 36 amathera mmanja pakati osatsala kanthu.