Lupu ya mahomoni ija ndi yoti munthu nkuitayira ndalama, kapena ndingoikitsa ya kopa yaulere?

Mayi a Tamanda: Mwaswera bwanji amayi anzanga, pepani funso langa ndi lalitali. Mwana wakwanitsa chaka ndipo jakisoni wolera wa Depo ndatopa naye, kufola miyezi itatu iliyonse, mwina ukafika akuti watha bwerani sabata ya mawa, ndiye ndaganiza zoikitsa lupu. Koma ku pulaiveti adokotala akuti zilipo mitundu iwiri, ya kopa ija timaidziwa tonse ndi ina ya mahomoni akuti Mirena, mtengo omwe anditchulira eish ndi fizi ya mwana teremu yonse. Pomwe ya kopa ku boma ndi ulere. Alipo anaikitsapo ya mahomoniyi atiuze chilungamo, ndi ya ndalama zakedi kapena angofuna kundidyera?

Nabanda: Asisi sungani ndalama zanu mugulire mwana phala. Ine ya kopa ndinaikitsa ku health centre osalipira ndi tambala yomwe, mpaka lero ili phee, akuti zaka 10 ena mpaka 12. Mimba palibe, kunenepa palibe, mutu suwawa. Ndiye mukalipire chani pamenepa

Sisi Chiko ku Joni: A Nabanda inu muli ndi mwayi thupi lanu linagwirizana nayo, musamayankhulire tonse. Ine ya kopa inandizunza abale, ndikapita kumwezi zimachita kukhuthuka, mapadi awiri ophatikiza komabe ukadzuka pa mpando wa taxi umayamba wacheuka kaye, juzi kumanga m'chiuno nyengo yotentha, usiku kuyala chitenje chakale pa bedi, cham'mimba nacho chosati nkuweramuka pomwe ntchito yanga ndi ya m'nyumba mwa anthu yoimirira tsiku lonse. Magazi m'thupi anachepa mpaka chizungulire. Ndinakachotsetsa nkugula Mirena, kuno umagula wekha ku pharmacy ndi kalata ya dokotala, chibokosi chachitali ukamayenda nacho anthu kumakuyang'ana kkkk, kenako woika naye ukamulipire payekha. Ndalama inawawa sindinama koma pano msambo wanga ndi timadontho basi, sindinong'oneza bondo olo pang'ono

Nabanda: Timadontho basi? Nanga magazi enawo akupita kuti? Zimenezo ndi zomwe ine ndimakana, magazi oipa kumaunjikana m'mimba mapeto ake zotupa

Anesi Nangozo: Ndilowererepo poti ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. A Nabanda palibe magazi amaunjikana. Msambo si magazi oipa ochokera m'thupi monse ayi, ndi khungu la mkati mwa chiberekero lomwe limakhuthala mwezi uliwonse kukonzekera mimba, mimba ikapanda kubwera limasenda nkutuluka. Lupu ya mahomoni ili ndi mankhwala a levonorgestrel okwana 52 mg, omwe aja alinso mu Jadelle ya pamkono, amatuluka pang'onopang'ono mkati momwemo. Ntchito yake ndi kulimbitsa chikazi cha pa khomo la chiberekero kuti umuna usadutse, komanso khungu lija silikhuthala, ndiye chotuluka chimakhala chochepa kapena palibiretu. Pakatha chaka pafupifupi mayi m'modzi mwa asanu msambo umasiyiratu. Ya kopa ilibe mankhwala alionse, ndi kapulasitiki kokulungidwa ndi waya wa kopa, kopayo ndi amene amafooketsa umuna. Vuto lake ndi lomwe anena a Chiko, msambo umachuluka ndi cham'mimba makamaka miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba, kwa ambiri zimadzakhazikika kwa ena ayi. Koma pa nkhani yoteteza mimba zonse ziwiri ndi mpikisano wothera limodzi, mwa amayi 100 pa chaka wotenga mimba sakwana ndi m'modzi yemwe

Mayi a Tamanda: Ndiye kuti zikwi zonse zija sikuti ndikugula chitetezo choposa?

Anesi Nangozo: Ayi mami. Mukugula msambo wochepa. Ngati msambo wanu sukuvutani ndalamayo mukungopereka mphatso

Naphiri wa ku 25: Nane ndiikepo zanga poti aliyense akungoiyamikira. Ine ndinagula ya mahomoniyo, mzanga atandikopa kuti udzaiwala za mapadi. Miyezi yoyambirira kudontheza kosatha, lero kwauma mawa kwayambanso, kabudula woyera ndinachita kusiya kuvala, abambo akunyumba nawo kumangodandaula kuti kodi msambo wako sutha, ziphuphu kumaso ngati ndabwerera ku sekondale, mabere kuwawa, mtima kumangopsa ndi zazing'ono zomwe. Anandiuza kuti pirirani zimasiya koma ine chaka sichinathe ndinakachotsetsa. Ndalama ija palibe anandibwezera, lupu yochotsa siibwereranso. Ya ulere ukaichotsa sumva kuwawa mumtima

Sisi Chiko ku Joni: Kudontheza kwa poyamba nane kunandichitikira, kunasiya. Munafulumira achemwali

Naphiri wa ku 25: Thupi ndi langa, ndi ine ndimachapa

Thoko ku Leeds: kkkkk a Naphiri. Kuno ku UK zonse ziwiri ndi ulere ku zipatala za boma za NHS ndiye mkangano wa mtengo kulibe, amangokufunsa kuti msambo wako umayenda bwanji ndipo ukufuna mahomoni kapena ayi. Ya mahomoni amaiperekanso ngati mankhwala kwa amayi otaya magazi ambiri olo asakufuna kulera. China chomwe anthu ambiri kumudzi sanamve, kale amati Mirena ndi zaka 5 koma ku America anaonjezera kufika zaka 8 mu 2022 ndipo kuno nakonso ndi 8 pa nkhani yolera. Ndiye mukamawerengera mtengo gawani ndi 8 osati 5, komanso chotsanipo ya mapadi ndi ya panado mwezi ndi mwezi, muona kuti siyoopsa kwambiri

Nabanda: Kugawa ndi 8 kuli bho pa pepala koma ku kauntala safuna pang'onopang'ono, amafuna yonse tsiku lomwelo. Ndipo a mayi a Tamanda ali ndi mwana m'modzi, mukuganiza apongozi awo adikira zaka 8? kkkk

Mayi a Tamanda: Mwandigwira pamenepo a Nabanda, tinagwirizana ndi bambo ake kuti Tamanda akayamba nazale tiyambenso, ndiye mwina zaka ziwiri kapena zitatu basi

Aunt Nachisale: Mwana wanga ndiye yankho walipereka wekha. Ugule chinthu cha zaka 8 nkuchigwiritsa zaka ziwiri? Ine ndinabereka asanu, wotsiriza nditangochira anandiika ya kopa mu labour momwemo ndipo ndinakhala nayo mpaka kusiya kusamba. Koma ndifunse nawo anesi, mpongozi wanga akukana lupu akuti bambo amabayidwa ndi tizingwe komanso akuti imatha kuthawira ku mtima

Anesi Nangozo: Aunt ku mtima kulibe njira yochokera m'chiberekero. Chomwe chimachitika mwa apo ndi apo ndi kutuluka yokha, pafupifupi m'modzi mwa amayi 20, kawirikawiri miyezi yoyamba komanso nthawi ya msambo, nchifukwa chake timati mukatha kusamba sambani m'manja mupise chala mumve ngati tizingwe tilipo, mukamva kapulasitiki kolimba kapena osamva kanthu bwerani. Kuboola chiberekero poika kumachitika koma ndi kosowa kwambiri, m'modzi kapena awiri mwa 1,000. Tizingwe timafewa nkudzipinda pa khomo pakapita nthawi, abambo ena amayamba kumva kubaya tsiku lomwe mwawauza kuti mwaikitsa kkkk, koma ngati akumvadi bwerani tidzaone, nthawi zina vuto ndi kudula tafupi kwambiri. Ndipo izi ndi chimodzimodzi ya kopa ndi ya mahomoni, yokwera mtengo siimamatira kuposa inzake

Naphiri wa ku 25: Mwamva? Ndiye tangoganizani mwalipira zikwi zanu kenako mukaipeza pa padi

Sisi Chiko ku Joni: Nanga mukagula foni simudziwa kuti itha kugwa? Ine ndikungoti amene sanataye magazi mpaka kukomoka sangamvetse

Bana Mwila ku Lusaka: Muli bwanji nonse, ine ndingoti musathamangire kulipira musanafunse. Kuno zipatala zina za boma zinayamba kuika ya mahomoni, dzina silikhala Mirena nthawi zonse, pali ina akuti Avibela koma mankhwala ndi omwewo 52 mg. Kwanuko kafunseni kaye ku chipatala chachikulu cha boma ndi ku Banja La Mtsogolo ngati ilipo ndi mtengo wake, ku pulaiveti amakutchulira ya dzina lotchuka ija basi

Mayi a Junior: Pepani kulowa pakati, ine ndili pa ma ARV sindibisa, lupu ndi yololedwa kwa ife? Kale anandikaniza ya pamkono

Anesi Nangozo: Mwachita bwino kufunsa mami. Ya pamkono ankaikayikira chifukwa cha ARV uja wa efavirenz yemwe amafooketsa mphamvu yake, mankhwala a TB aja a rifampicin nawo amatero. Chiyambire 2019 ambiri kuno ku Malawi anasinthidwa kupita ku ma ARV ena otchedwa TLD omwe alibe vuto limeneli. Lupu zonse ziwiri ma ARV sazisokoneza, bola muli bwino m'thupi ndipo mulibe matenda opatsirana pogonana osachizidwa nthawi yoika. Panalinso kafukufuku wamkulu wa ECHO, zotsatira zinatuluka mu 2019, anachitira ku South Africa, Kenya, Zambia ndi Eswatini kufanizira Depo, lupu ya kopa ndi Jadelle, sanapeze kusiyana kwenikweni pa chiopsezo chotenga kachilombo. Koma lupu siiteteza ku matenda, kondomu ikadali pa ntchito. Amene sitimuika ya mahomoni ndi wa khansa ya m'mabere, ndipo wotaya magazi mosadziwika chifukwa chake timayamba tafufuza kaye

Mayi a Tamanda: Nanga ndikadzachotsa lupuyo, mimba imachedwa kubwera ngati za jakisoni? Mchemwali wanga anadikira chaka chathunthu mpaka kwa asing'anga anafika

Anesi Nangozo: Depo ndi amene amachedwetsa, ena mpaka chaka. Lupu iliyonse mukachotsa mwezi omwewo mutha kutenga. Koma ndikufunseni, musanayambe jakisoni, musanatenge mimba ya Tamanda, msambo wanu umakhala bwanji? Poti panopa Depo wakubisirani, mwina simukusamba nkomwe ndiye mutha kuganiza kuti mulibe vuto

Mayi a Tamanda: Mmmh pamenepo ndiye pavuta. Umachuluka ndithu, sabata yathunthu, kusukulu ndinkajomba tsiku loyamba ndi lachiwiri, ndipo ku sikelo ankangondipatsa mapiritsi owonjezera magazi, pochira anatsala pang'ono kundiika magazi

Sisi Chiko ku Joni: Ehee! Mwaona a Nabanda? Ameneyu mukamuike ya kopa mukufuna akagwe mu minibasi?

Nabanda: Aaa nanga zimenezo ananena poyamba? Komabe ine ndikuti ayese kaye ya ulere, ikavuta achotse, sataya kanthu

Thoko ku Leeds: Ataya magazi amene alibe kale. Komanso kuika sikuseweretsa, chitsulo chotsegulira chija, kukupanira khomo, kuyeza kuya kwa chiberekero, cham'mimba cha mphindi zochepa koma chenicheni, ndani akufuna kukwera bedi limenelo kawiri pa miyezi itatu

Aunt Nachisale: Ine ndabweza mawu anga pang'ono, koma zaka ziwiri zokha ndalama yonseyo mtima ukukanabe. Bwanji ya pamkono ya zaka zitatu ija, si ulere?

Naphiri wa ku 25: Implanon? Imeneyonso kudontheza kwake musanene

Mayi a Tamanda: Chabwino ndamva mbali zonse. Lolemba ndikayezetsa kaye magazi ndione ngati ali okwana, ndikafunsenso ku boma ndi ku Banja za ya mahomoni yotsika mtengo ija anena a ku Lusaka. Ikapanda kupezeka ndiye bambo ake a Tamanda apise m'thumba, zaka zonsezi wobayidwa ndakhala ndili ine

Anesi Nangozo: Mukatenge buku lanu la kuchipatala, ndipo muwapemphe sikani ngati mukukayikira zotupa za m'chiberekero poti zina zimapinda malo okhala lupu. Tsiku la jakisoni likakwana musanaikitse musadumphe, kabayitseni, lupu titha kuika jakisoni akugwirabe ntchito