Mabotolo 24 a jamu wa masuku, alipire ndani?

Wapampando: Amayi ndi abambo, popeza tsiku logawana masheya a banki yathu ya m'mudzi layandikira, ndikuika pano pa gulu lathu la pa foni chiwerengero cha ntchito ya jamu monga tinagwirizana Lachinayi. M'bokosi tinatapamo K180,000. Shuga mabelo awiri anadya K124,000, mabotolo 120 anadya K30,000, ndipo K26,000 yotsalayo inapita ku makala, mandimu ndi mayendedwe. Tinadzaza mabotolo 96, a mango 40, a masuku 34 ndi a bwemba 22. Mwa amenewa 72 anatuluka pa mtengo wa K2,500 limodzi, koma 12 ali pa ngongole, choncho m'bokosi mwabwerera K150,000. Mabotolo 24 a masuku anachita chuku, ndipo potsatira ndime 9 ya malamulo a gulu lathu, komiti yaona kuti K60,000 ichotsedwe pa masheya a Anaphiri, amene anali pamoto tsiku limenelo.

Anaphiri: A Wapampando, ndawerenga kawiri kuti mwina maso akundinamiza. Ine ndinalawira m'mamawa ndi ana anga kukatola masuku kuphiri, malichero asanu ndi limodzi, osalipidwa ngakhale tambala. Tinawatsuka, tinawafinya ndi manja mmodzimmodzi, tinasefa nthanga ndi makoko mpaka zala kuchita dzanzi. Mabotolo ndinawawiritsa pamodzi ndi zotsekera zake, jamu ndinathira ali wotentha, ndipo Anabanda analipo pamene ndinadontheza pang'ono pa mbale yozizira kuti tione ngati wagwira. Sanagwire bwino, ndipo ndinanena pomwepo kuti shuga wachepa. Tonse tinaphunzira limodzi kuti kilogalamu imodzi ya zipatso zosefa imafuna pafupifupi kilogalamu imodzi ya shuga, chifukwa shugayo ndi amene amasunga jamu. Pakhomo panga panafika mapaketi 29, pamene mabelo awiri amakhala ndi mapaketi 40. Mango ndi bwemba zinayamba kuphikidwa, masuku n'kudzapeza zotsalira. Musanakhudze masheya anga, mundiuze kumene kunapita mapaketi 11.

Anabanda: Ndikuchitira umboni kuti mbaleyo ndinaiona. Jamu wa bwemba tinamukankha ndi chala n'kuchita makwinya, koma wa masuku ankayenderera ngati phala la mwana. Mabotolo khumi amene anapulumuka ndi a sefuliya yoyamba, imene inalandira shuga wokwanira.

Wapampando: Anabanda, umboni wanu mukanaupereka Lachinayi pamsonkhano, pamene munakhala duu. Masuku ndi otsekemera kale, ndipo ine sindikuona kuti kuchepa kwa mapaketi angapo kungaononge mabotolo 24. Anaphiri akanatha kuphika ochepa molingana ndi shuga amene anali naye.

Anaphiri: Ndinafuna kutero, mayi, ndipo ndinu amene munandiyankha pa foni kuti masuku sachedwa kusasa, ndiphike onse tsiku lomwelo. Kutsekemera kwa chipatso pakamwa si kumene kumaletsa chuku m'botolo, makamaka nyengo ino ya mvula ndi kutentha. Uthenga wanuwo ndikadali nawo.

Mlembi: M'buku mwalembedwa kuti Ambewe anasainira mabelo awiri pa Lizulu tsiku la msika. Palibe pamene palembedwa kuti Anaphiri analandira angati, ndipo kulakwa kumeneku ndikuvomera kuti n'kwanga. Koma chiwerengero cha a Wapampando chili ndi mpata wina. Mabotolo tinagula 120, tinadzaza 96, ndiye kuti 24 opanda kanthu ayenera kukhalapo, ndipo mtengo wake ndi K6,000. Ine sindinawaone pa katundu wa gulu.

Ambewe: Ndikupempha kuti mundimvetsere modekha, chifukwa dzina langa latchulidwa. Tsiku limenelo ndinanyamuka ndi njinga yanga, imene gulu silinandipatsepo ngakhale ya chubu, ndipo pobwerera mvula inandipeza ndisanafike pamlatho. Ndinabisala pakhonde la golosale pafupifupi maola awiri, tayala lakumbuyo litaphwa, ine ndili ndi makilogalamu 40 pakaliyala, kunja kukuda. Nditaona kuti sindifika, ndinatsitsa belo limodzi kwa alamu anga, a Wapampando, poti ndi pamene pali pafupi ndi msewu, ndipo linagona kumeneko masiku atatu chifukwa m'mawa mwake ndinapita ndi mwana kuchipatala, monga ambiri a inu mukudziwa. Pokalitenga ndinapeza lotsegula. Mapaketi ena anali atanyowa, ena ndinauzidwa kuti abwerekedwa pa chinkhoswe ndipo abwezedwa sabata yomweyo. Ine sindinawerenge, chifukwa munthu sungayambe kuwerenga katundu m'nyumba ya alamu ako ngati wapolisi. Ndinangomanga zimene ndinapeza n'kukatula kwa Anaphiri. Ngati pali mlandu, wanga ndi wa mvula ndi ulemu basi.

Anangozo: Ambewe, mapaketi a shuga ndi a pulasitiki, ndipo mvula ya pa Lizulu siboola pulasitiki. Nkhani ya kunyowayo tiisiye. Mawu amene ndagwira ine ndi a chinkhoswe, ndipo tonse tinamwa thobwa la tsiku limenelo osadziwa kuti tikumwa masheya athu.

Wapampando: Anangozo, samalani kalankhulidwe. Ndinabwereka mapaketi asanu okha, Msungichuma akudziwa, ndipo ndinanena kuti ndibweza ndikagulitsa mbatata. Asanu ndi limodzi enawo sindikuwadziwa. Mabotolo opanda kanthu ali kwanga m'katoni, kupatula anayi amene anasweka.

Msungichuma: Munandiuza chinkhoswe chitatha, mayi, osati musanatenge, ndipo ndime 6 mukuidziwa bwino chifukwa munaiwerenga nokha pamene tinkalipiritsa Anangozo chaka chatha. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, shuga si chinthu chobwerekana ngati mchere. Pa mtengo umene tinagulira, paketi imodzi ndi K3,100, ndiye kuti mapaketi 11 ndi K34,100. Ndalama imeneyi sikuoneka paliponse m'chiwerengero chanu, koma K60,000 ya Anaphiri mwaiwerengera pa mtengo wogulitsira, ngati kuti mabotolowo anali atapeza kale ogula.

Anangozo: Ine ndinalipira K5,000 chifukwa cha sefuliya ya gulu imene ndinaphikira pamaliro a apongozi anga, ndipo palibe amene anandimvera chisoni. Ndinabweza sefuliyayo yotsuka, yosabooka. Lero shuga wapita osabwerera, ndipo tikuuzidwa kuti tidikire mbatata.

Anaphiri: Ndifunsenso za mabotolo 12 a ngongole. Tinakana kupereka jamu pa ngongole titaona kuti masitolo a pa boma la Dedza sangatilandire popanda chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, ndipo tinati tizigulitsa pamsewu ndi kwa aphunzitsi, ndalama pamanja. Anatenga ndani mabotolo amenewa, ndipo analoleza ndani? Ngati K30,000 imeneyo ingadikire mpaka anthu alandire malipiro, bwanji yanga ikuchotsedwa sabata ino? Chaka chonse ndaponya masheya osaphonya, ngongole yanga ndinabweza ndi chiwongoladzanja chake mu September, ndipo ndalama imeneyi ndaiwerengera feteleza wobereketsa. Sindisaina m'buku logawana mpaka mapaketi 11 alembedwe pa dzina la munthu.

Ambewe: Asanu avomerezedwa kale, choncho musandiike onse 11 pamutu. Ndinganene kuti awiri kapena atatu anang'ambika panjira chifukwa cha mabampu, koma enawo ayi.

Mlembi: Poyamba munati ananyowa, tsopano mukuti anang'ambika. Ndilembe ziti, Ambewe? Ndikupempha kuti Lachinayi osunga makiyi a bokosi onse atatu abwere, a Wapampando abweretse katoni ya mabotolo ndi maina a anthu amene anatenga mabotolo 12 aja, ndipo Anaphiri abweretse mabotolo a chukuwo osawatsuka, kuti aliyense aone yekha kulimba kwa jamuyo.

Anaphiri: Ali pansi pa bedi langa onse 24, ndipo ndibwera nawo pa wilibala. A Wapampando, mwawerenga uthenga wa Mlembi, chizindikiro chikuonetsa. Kodi maina aja mubweretsa?

Anabanda: A Wapampando?