Ofesi ya boma yataya zinsinsi zanga, chipukuta misozi ndingachipeze bwanji?

Abale anga amene muli kuno ku UK, ndithandizeni nzeru. Sabata yatha ndinalandira kalata yochokera ku ofesi ina ya boma yonena kuti laputopu momwe munali dzina langa, adiresi, nambala ya National Insurance ndi akaunti yanga ya kubanki yasowa. Angopepesa basi. Chilandirireni kalatayo tulo sindikutiona. Foni ikalira ndi nambala yachilendo mtima umangoti phaa, poti fizi ya ana kumudzi imadutsira mu akaunti yomweyo.

Ndamva kuti ICO (Information Commissioner's Office, bungwe loona za chitetezo cha zinsinsi za anthu kuno ku UK) imalandira madandaulo koma sipereka ndalama, ndipo lamulo la Data Protection Act 2018 limalola munthu kupempha chipukuta misozi ngakhale chifukwa cha nkhawa yokha. Ndiyambe ndalembera kaye ofesi yomwe yataya laputopuyo, kapena ndingopita kukhoti? Alipo anayendapo njira imeneyi opanda loya? Zinakutengerani miyezi ingati?