Galimoto ikumadziwonjezera moto yokha chiipangitsireni remap, ndithandizeni

Bambo a Tadala, Area 25

Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo. Ndili ndi galimoto ya petulo yochokera ku Japan, ya 2012, ya turbo, giya yake automatic. Ndimakhala ku Area 25 koma ntchito ndimagwira ku Old Town, ndiye M1 ndi msewu wanga m'mawa ndi madzulo. Mwezi wathawu ndinaipereka kwa mnyamata wina wa laputopu amene amasintha pulogalamu ya mu kompyuta ya galimoto, remap ija. Anati iyamba kukoka bwino ndipo mafuta izimwa ochepa. Anaikanso kabokosi pa waya wa akisileta, kokhala ndi timabatani ta Eco ndi Sport, ndipo anachotsa bokosi la air filter n'kuikapo fyuluta ya cone.

Kukoka ikukokadi, pamenepo sindinama. Koma ndikachotsa phazi pa moto, singano ya rev, yoonetsa liwiro la injini, siitsika nthawi yomweyo, imakakamira cha pa 3,000 kaye. Ndikaima pa maloboti ili mu D imakankha kutsogolo moti buleki ndimachita kupondereza. Choopsa chinachitika Lachiwiri madzulo ku Kanengo magalimoto atathithikana. Ndinangokhudza moto pang'ono kuti ndisunthe, galimoto n'kudumpha, injini ikulirabe phazi nditachotsa kale. Kutsogolo kwanga kunali njinga yamoto ya kabaza itanyamula mayi wobereka mwana. Mabuleki anagwira, koma mpata umene unatsala unali wochepa zedi, ndipo manja ananjenjemera mpaka kufika kunyumba.

Nditamuimbira mnyamatayo anati kompyuta ikuphunzira, ndiziyenda nayo, izolowera yokha. Nyali ya check engine siinayake. Kodi zimenezi n'zoona? Vuto lili pa remap, pa kabokosi, kapena pena? Ana anga amapitira galimoto yomweyi ku sukulu.

Mekaniki wa ku Biwi

Achimwene, choyamba imikani galimotoyo, musayendenso nayo mpaka vuto lipezeke. Ana akwere minibasi kaye.

Galimoto zambiri za zaka zimenezi zilibe kebulo yochoka pa phazi kupita ku throttle, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini, ngati zakale zija. Mukaponda moto, sensa ya pa akisileta imatumiza magetsi ku kompyuta, ndipo kompyutayo ndi imene imalamula kamota kotsegula throttle. Sensayo imatumiza mauthenga awiri pa mawaya osiyana, dala, kuti akasemphana kompyuta idziwe kuti china chalakwika, iyatse check engine n'kuchepetsa mphamvu ya injini. Tsopano kabokosi kanu kaja kamakhala pakati pa phazi ndi kompyuta. Sikawonjezera mphamvu ngakhale pang'ono, kamangokulitsa uthenga: inu mwaponda pang'ono, iko kakuuza kompyuta kuti mwaponda kwambiri. Ndipo poti kamasintha mauthenga onse awiri mogwirizana, kompyuta imakhulupirira. N'chifukwa chake nyali ikhoza osayaka ngakhale galimoto ikudumpha. Pulagi yake ikakhala yokhwefuka, kapena kabokosiko kakakhala kotchipa kopanda dzina, ndiye zimaipiratu. Kachotseni, mubwezere pulagi ya akisileta mmene inalili. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma muzimitse injini ndi kuchotsa kiyi kaye musanakhudze pulagiyo.

Za kuphunzirazo zili ndi kachoonadi pang'ono, n'chifukwa chake anthu amanamizidwa nazo. Mukachotsa batire kapena mukatsuka throttle, kompyuta imafunadi kupezanso idle yake, kutanthauza liwiro la injini ikamalira musanaponde moto, ndipo rev imatha kukwera pang'ono kapena kusinthasintha kwa kanthawi. Koma ndi kusiyana kwa timahandiredi tochepa, galimoto itaima. Palibe kuphunzira kumene kumakakamiza singano pa 3,000 kapena kudumphitsa galimoto pa mzere.

Kukankha kwa pa maloboti kukundipatsa maganizo a mpweya wolowera pamalo osayenera. Poika fyuluta ya cone anthu amazula timapaipi ta vacuum, toyamwa mpweya, kena n'kuiwalika kapena kung'ambika. Mpweya ukamalowa kuseri kwa throttle, idle imakwera. Aonenso sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, ngati anaiika moyang'ana koyenera, pa paipi ya kukula koyenera, chifukwa ikamawerenga mpweya molakwika kompyuta imalakwitsanso mafuta.

Pitani nayo pa makina a diagnosis, koma osangofufuta ma code a zolakwika n'kukupatsani risiti. Auzeni akuonetseni live data, manambala amene masensa akutumiza nthawi yomweyo. Phazi likachoka, nambala ya akisileta izibwerera pansi nthawi yomweyo, ndipo ya throttle izitsatira. Akisileta ikatsika koma throttle n'kukhalabe yotsegula, ndiye kuti lamulo likuchokera mu pulogalamu kapena throttle ikumata. Aonenso ma code amene akudikira, osayatsa nyali: P2138 ndi ya kusemphana kwa mauthenga a akisileta, P2135 ndi ya throttle, P0507 ndi ya idle yokwera.

Mayi a Chisomo, Area 49

Bambo a Tadala, pepani ndi zimene munakumana nazo. Ine ndimaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, za makompyuta ndasiyira amekanikiwo, koma musanapite kutali gwadani muone kapeti wa pansi pa phazi. Kuno timakonda kugula makapeti a labala pamsewu n'kuwasanjika pamwamba pa amene anabwera ndi galimoto, kuopa matope a dzinja. Osakolekedwa pa timbedza take, amasendera kutsogolo n'kugwira akisileta. Musaione yaing'ono nkhaniyi. Mu August 2009 ku San Diego, ku America, anthu anayi a banja limodzi anafa pa Lexus imene akisileta yake inakodwa mu kapeti wa galimoto ya mtundu wina, ndipo amene ankayendetsa anali wapolisi wa pamsewu, munthu wodziwa chiwongolero. Toyota, kampani imene imapanga Lexus, inaitanitsa magalimoto mamiliyoni ambiri mu 2009 ndi 2010 chifukwa cha makapeti komanso akisileta womata. Mu 2011 akatswiri a NASA, bungwe la ku America la za mlengalenga, atafufuza anati sanapeze vuto la zamagetsi loyambitsa kuthamanga kotere, ndipo mu 2014 kampaniyo inalipira boma la America $1.2 biliyoni chifukwa chosaulula bwino zimene inkadziwa. Ndiye poti wina anagwira ntchito pansi pa chiwongolero poika kabokosi, aonenso ngati waya wake sukulendewera pafupi ndi akisileta.

Chimene ndikufuna aliyense wowerenga pano asunge ndi chochita galimoto ikathawa. Pondani buleki kamodzi, mwamphamvu, osasiya. Osapopa, chifukwa throttle ikatseguka injini siipanga vacuum yokwanira, ndiye mukapopa kangapo mphamvu yothandizira buleki imatha, buleki n'kuuma. Kenako kankhirani giya mu N. Injini ilira kwambiri, isiyeni ilire, ili ndi malire ake a rev, chachikulu n'chakuti matayala sakulandiranso mphamvu. Mukapatuka n'kuima, zimitsani. Ngati N yakana ndipo mukuzimitsa ikuyenda, kiyi mubweze kamodzi kokha, asafike pa LOCK, chiwongolero chingakhomeke. Za batani zambiri zimafuna kulidina osasiya kwa masekondi atatu kapena kuposerapo. Dziwaninso kuti injini ikazima chiwongolero ndi buleki zimalemera. Ophunzira anga ndimawayesetsa kukankhira giya mu N osayang'ana pansi, pa bwalo lopanda anthu, mpaka dzanja lizolowere.

Achimwene a Turbo, Kawale

Ine remap ndimapanga, ndiye ndiyankhepo, anthu angayambe kuganiza kuti aliyense wogwira laputopu ndi wakupha. Remap yochitidwa bwino siithawitsa galimoto. Koma mu fayilo muli tebulo limene limanena kuti phazi likaponda mwakuti, injini ipereke mphamvu yakuti. Ena pofuna kuti kasitomala amve kusintha akangotuluka pageti, amakweza kwambiri gawo loyambirira la tebuloli. Mukaphatikiza ndi kabokosi kali pa Sport, mwakulitsa uthenga kawiri, ndipo kukhudza pang'ono kumasanduka theka la moto. Pa mzere wa ku Kanengo kapena pa Malangalanga zimenezo ndi ngozi. Zinthu ziwirizi siziyenera kukhala pa galimoto imodzi.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi mafayilo otola pa intaneti. Munthu amatenga fayilo ya galimoto ya manual ya ku Ulaya n'kuithira mu automatic ya ku Japan chifukwa injini ndi yofanana dzina. Mafayilo ena a mipikisano amakhala atazimitsa chitetezo chija chimene chimadula moto mukaponda buleki ndi akisileta pamodzi, pa galimoto zimene zili nacho. Mufunseni mnyamatayo funso limodzi: anasunga fayilo yoyamba asanalembe yake? Wodziwa ntchito amayamba wakopera imeneyo.

Kwa anzathu a mapikapu a dizilo amene mukukweza boost, mphamvu ya mpweya umene turbo imakankhira mu injini, yanu ndi ina. Turbo ikayamba kudontha oyilo kulowa mu intake, njira yolowera mpweya, injini imatha kuyamba kuyaka ndi oyilo wakeyo, ndipo kiyi sazimitsa. Utsi umachita kutseka msewu. Ya manual muiike giya yapamwamba, buleki pansi, n'kusiya klachi kuti izime, apo ayi mutseke polowera mpweya ndi chinthu cholimba, osati dzanja kapena sanza.

Bambo a Tadala, Area 25

Zikomo nonse. Mayi a Chisomo, kapeti ndaona, ndi mmodzi ndipo ali pa timbedza take. Kabokosi tachotsa dzulo pakhomo pompano. Tayesa pa msewu wafumbi kuseri kwathu kopanda anthu, kudumpha kuja kwachepa kwambiri, koma singano ikuchedwabe kutsika ndipo mu D ikukankhabe. Mnyamata uja ndamufunsa za fayilo yoyamba, akuti laputopu imene anasungamo inawonongeka. Tsono pamenepa nditani?

Mekaniki wa ku Biwi

Ndiye kuti mavuto analipo oposa limodzi, achimwene. Yambani ndi zotchipa: abwezere bokosi la air filter ngati munalisunga, aunike timapaipi tonse ndi makina a utsi, atsuke throttle, kenako apange idle relearn, kuphunzitsanso kompyuta idle yake, ndi makina. Kukankha kwa mu D kukhoza kuthera pomwepo.

Singano ikamachedwabe, yatsala ndi pulogalamu. Pa kompyuta ya galimoto pali pepala lomatidwa lokhala ndi nambala, ndipo makina a diagnosis amawerenganso nambala ya pulogalamu imene ili mkati. Fayilo yoyamba iyenera kugwirizana ndi nambala zimenezo ndendende, osati kungofanana dzina la galimoto ndi chaka. Amene akuikayo alumikize chaja pa batire nthawi yolemba, chifukwa magetsi akatsika pakati pa ntchito kompyuta imatha kufa. Fayilo ikasowa, njira ina ndi kugula kompyuta ya galimoto yophwasulidwa ya nambala yomweyo, koma muwerengeretu ndalama yoigwirizanitsa ndi makiyi anu, apo ayi immobiliser, chitetezo choletsa akuba, ikana kuliza. Kuchoka ku Area 25 kubwera kuno mudutsa tauni yonse, ndiye itaneni breakdown idzainyamule, ndipo kabokosi kaja mubwere nako tidzakayeze.