Zikope zikungotupa, nkhope ikuwotcha, akuti ndi tizilombo ta Demodex. Alipo anathana nazo?

Mayi wosoka zovala

Moni nonse. Ndili ndi zaka 44 ndipo ntchito yanga ndi yosoka, ndiye maso ndiwo khasu langa. Chaka chino ndi chachitatu ndikuvutika ndi zikope. M'mawa ndikadzuka nsidze zimakhala zitamatana ndi manthongo ouma, m'mphepete mwa zikope muli psuu, kuyabwa kwake kofuna kuzula nsidze zonse. Ndikakhala pamakina, ulusi umalowa pasingano ulendo wachinayi kapena wachisanu, chifukwa m'maso mumakhala ngati mwathiridwa mchenga, misozi ili lengelenge. Chaka chatha chokha kachithupsa ka pachikope kananditulukapo kanayi.

Nkhope nayo siinasiyidwe. Ndikayenda padzuwa, kapena nthunzi ya simbi ikandiwomba posita zovala, masaya ndi mphuno zimawotcha, kenako timatuluka tiziphuphu ting'onoting'ono. Poti khungu langa ndi lakuda, kufiira sikuoneka, pamangoderapo basi. Mnzanga anandipatsa mafuta a betamethasone. Ndikapaka masiku atatu nkhope imasalala, ndikasiya zimabwerera ndi ukali woposa kale.

Mwezi watha dokotala wa maso anandikhazika pamakina aja oika chibwano, n'kundiuza kuti ndiyang'ane pansi. Anati patsinde pa nsidze pali timfundu tozungulira ngati kolala ya malaya, ndipo chimenechi ndi chizindikiro cha Demodex. Matenda a zikopewa anawatchula kuti blepharitis, a pankhopewa akuganiza kuti ndi rosacea. Anandiuza zothowa ndi kupukuta zikope. Ndinachita masabata awiri, zinachepa, ndinasiya, pano zabwereranso.

Ndinachoka m'chipindamo ndi manyazi, munthu wosamba kawiri patsiku kuuzidwa kuti ndili ndi tizilombo kumaso. Kodi zimenezi zimatheratu? Mwana wanga wamng'ono amagona nane, ndimupatsira? Ndagulanso kabotolo ka mafuta a tea tree osasakaniza ndi kanthu, ndipake m'zikope?

Bambo wopuma pantchito

Mayi, ndiyambe ndi kabotoloko: musakayandikitse kumaso. Ine ndinayesapo, kadontho kamodzi pathonje, ndipo ndinakhala theka la ola nditaweramira pampopi, diso likuwotcha ngati mwalowa tsabola. Chimene chimapha tizilomboti m'mafutawo ndi terpinen-4-ol, koma akakhala osasungunula amapweteka diso lenilenilo. Alipo mankhwala otsukira zikope ndi tinsalu topukutira topangidwira ntchito imeneyi, tokhala ndi mlingo wochepa. Gwiritsani ntchito zimenezo, maso ali otseka.

Pamene mwaphonya ndi pa masabata awiri aja. Kachilomboka kuchokera padzira mpaka kufa kamatenga masabata awiri kapena kupitirira pang'ono. Inu munasiya nthawi imene mazira otsala anali kuswa. Ine dokotala anandiuza masabata 6 osadumphitsa, ndipo nditamaliza sindinasiyiretu, ndinangochepetsa.

Madzulo alionse ndimanyika kansalu koyera m'madzi ofunda, osati otentha mopsereza, n'kuthowa maso mphindi 10. Kansalu kamazizira msanga, ndiye ndimakanyika mobwerezabwereza. Ndikatero ndimasisita chikope ndi chala pang'onopang'ono kulowera kunsidze kuti mafuta ouma m'timabowo ta m'mphepete mwa chikope atuluke, kenako ndimapukuta patsinde penipeni pa nsidze. Madzulo sindiphonya chifukwa tizilomboti timatuluka m'mabowo usiku. Zaka zisanu tsopano, tizithupsa tija ndinatiiwala, koma ndikachita ulesi sabata imodzi kuyabwa kumandikumbutsa.

Namwino wa odwala maso

Achemwali, manyaziwo achotseni. Demodex amakhala pakhungu la anthu akuluakulu ambiri, osamba ndi osasamba omwe, ndipo munthu akamakula m'pamene amachuluka. Ndi tinthata ta miyendo 8, tosakwana theka la milimita, toti simungatione ndi maso. Pa anthufe pali mitundu iwiri. Demodex folliculorum amakhala m'mabowo a tsitsi ndi nsidze, pamene Demodex brevis amalowa mkati mwa timatumba totulutsa mafuta, kuphatikizapo ta m'zikope. Timatumba timeneti tikatsekeka, misozi imasowa mafuta oiphimba n'kumauma msanga. Mchenga mukuumva uja ndi umenewo. Vuto limabwera tizilomboti tikachulukitsa kapena thupi likamalimbana nato mopyola, ndipo anthu a rosacea amapezeka nato tambiri kuposa ena. Za mwana musade nkhawa kwambiri, ana ang'ono sakhala nato tambiri. Aliyense akhale ndi thawulo lake ndi pilo wake, zakwana.

Chimene chandidetsa nkhawa ine ndi betamethasone. Ameneyu ndi steroid wamphamvu, mtundu wa mankhwala ochepetsa kutupa, ndipo pankhope ya munthu wa rosacea amakhala ngati akuzimitsa moto pamene akuukolezera. Amapyapyalitsa khungu, tizilombo timachuluka, ndipo akamapakidwa pafupi ndi maso nthawi yaitali angakweze mphamvu ya madzi a m'diso. Mafuta ena oyeretsa khungu amakhalanso ndi ma steroid ngati ameneyu, ndiye onani zimene zalembedwa pa chilichonse chomwe mumadzola. Mukasiya, nkhope idzayamba yaipa kaye kwa masabata angapo. Ambiri amabwerera kumafutawo pa nthawi imeneyi, n'chifukwa chake ndi bwino kusiya mothandizidwa ndi dokotala wa khungu. Mumuuze za kuwotcha kuja momveka bwino, poti pakhungu lakuda rosacea imaphonyedwa kawirikawiri, n'kumatengedwa ngati ziphuphu wamba.

Mankhwala alipo. Pankhope pali kirimu wa ivermectin 1% wopaka kamodzi patsiku, amene amapha tizilombo komanso kuchepetsa kutupa. Palinso metronidazole ndi azelaic acid. Zikakula, dokotala amatha kupereka mapiritsi a doxycycline, koma woyembekezera samwa. Mu 2023 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku United States, linavomereza mankhwala odontheza m'maso a lotilaner 0.25%, kawiri patsiku kwa masabata 6, opangidwira Demodex wa m'zikope. Sapezeka m'mayiko onse, koma mutha kufunsa. Kirimu wa pankhope asalowe m'maso.

Diso likayamba kupweteka mkati, kuopa kuwala, kapena kuona mwachimbuuzi kosachoka ngakhale mutaphethira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Rosacea imatha kufika pagalasi la diso.

Mtsikana wa rosacea

Ine zinasintha nditataya mascara ndi pensulo yakale ya m'maso, ndinakhala miyezi iwiri osadzola kanthu m'zikope. Nsalu ya pilo ndimachapa ndi madzi otentha sabata iliyonse. Doxycycline ndinamwapo, mayi, imwani ndi madzi odzaza kapu ndipo musagone mukangomwa, imawotcha pakhosi. Padzuwa imapsereza khungu, ndiye chipewa ndi mafuta oteteza kudzuwa musasiye. Kwa ine tiyi wotentha kwambiri ndi tsabola ndizo zimayatsa masaya, inu muzilemba zanu m'kabuku.

Mayi wosoka zovala

Zikomo nonse, mwandimasula. Kabotolo kaja ndakachotsa pafupi ndi galasi. Chubu cha betamethasone ndachiika m'chikwama kuti dokotala wa khungu akachione yekha Lachinayi. Pakalendala ya pakhoma la mosokera ndazunguliza masiku 42, kuyambira usiku uno. Funso limodzi kwa anamwino: nthunzi ya simbi sindingaithawe, ntchito ndi imeneyo. Kodi kuikapo fani kapena kusita m'mawa kukadali kozizira kungathandize, kapena pali china chimene odwala anu amachita?