Madzi a pansi pa boti la thanga: akulowera pati, poti onse ndi opanda mchere?

Wofunsa: Akuluakulu a pa gulu lino, makamaka inu odziwa za maboti, ndikupempha nzeru. Ndimasamalira boti la thanga la fibreglass, lokhala ndi injini yaing'ono ya dizilo mkati, lomwe limakhala pa nangula ku Cape Maclear. Chiyambire mvula, madzi akumasonkhana pansi penipeni pa botilo, pomwe amisiri amati bilge, moti ndikakapa n'kupukuta madzulo, kukacha ndimapeza abwereranso, ngakhale kuti sachuluka mpaka kudzutsa pampu yomwe imayaka yokha.

Anzathu oyenda pa nyanja zamchere amangolawa madziwo: akakhala amchere, ndiye kuti boti likuchucha kunsi, akakhala opanda mchere, ndiye kuti ndi mvula kapena thanki. Kuno njira imeneyi siithandiza, chifukwa madzi a Nyanja ya Malawi, a mvula ndi a m'thanki yathu yakumwa amamveka chimodzimodzi pa lilime. Madziwo ndi oyera, alibe mafuta oyandama pamwamba, ndipo sanunkha. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti mabawuti awiri omanga keel, chitsulo cholemera cha kunsi kwa boti choliteteza kuti lisagubuduzike, ali ndi dzimbiri lofiirira mozungulira. Kodi ndiyambire pati ndisanauze mwini boti kuti tilitulutsire kumtunda, poti ntchito imeneyo imadya ndalama zambiri?

Yankho loyamba: Achimwene, musathamangire kulitulutsa. Pamene mwawapeza madzi si pamene alowera, popeza amatsetsereka kufuna malo otsika. Pansi pa botilo pali nthiti zogawa zipinda, ndipo nthiti iliyonse ili ndi kabowo kodutsira madzi. Tsekani timabowoto ndi nsanza kapena sera, muumitse chipinda chilichonse mpaka chala chisamve chinyezi, kenako muwaze paudala wa ana m'mbali monse ndi mozungulira bawuti iliyonse. M'mawa chipinda chonyowa chidzakuuzani dera, ndipo mu paudalamo mudzaona kanjira komwe madzi adutsa, ngati mmene nkhono imasiyira mkuzi wake pakhonde. Kanjirako kakachokera pamwamba, nkhawa ndi yochepa. Musaiwale kutsegula timabowoto mukamaliza, apo ayi pampu sidzawafikira madziwo.

Yankho lachiwiri: Ine ndimagwira ntchito pa maboti ku Hout Bay, ku South Africa, ndipo ndionjezere pa zimene anena bambowa. Thirani utoto wa zakudya, uja wa makeke, m'thanki ya madzi akumwa; madzi a pansiwo akasintha mtundu, mlandu ndi wa thanki kapena mapaipi ake. Ngati botilo lili ndi pampu yamagetsi yokankhira madzi ku mpopi, mvetserani usiku, chifukwa ikamadzuka yokha kwa kanthawi mipopi yonse ili yotseka, ndiye kuti paipi ina ikudontha.

Mukatero mupite kumene shafiti ya pulopela imatulukira m'boti. Ngati pali stern gland (chotchinga madzi mozungulira shafitiyo) yachikale yokhala ndi chingwe chothinitsa, n'zoyenera kuti izidontha madontho ochepa pa mphindi pamene shafiti ikuzungulira, koma injini ili chete isamadonthe mosalekeza. Muimange pang'onopang'ono, chifukwa mukaithinitsa mopitirira imatentha n'kudya shafitiyo. Tsekaninso mavavu onse olowetsa madzi a m'nyanja, la injini ndi la chimbudzi, usiku umodzi, muone ngati madzi asiya.

Yankho lachitatu: Mwanena nokha kuti zayamba ndi dzinja, ndiye ine ndikukayikira mvula. Mlongoti ukakhala woboola denga mpaka kufika pa keel, mvula imalowa pa mabowo a zingwe n'kutsika mkati mwake mosaoneka. Malo ena okonda kuchucha ndi pamene zitsulo zogwira mawaya a mlongoti zimaboola denga, mawindo, ndi mapaipi otulutsa madzi a pokhalira woyendetsa. Tsiku lopanda mvula, munthu mmodzi azithira madzi padenga kuyambira kotsika kupita kokwera, wina ali mkati ndi tochi.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonsenu. Ndachita za paudala ndi utoto. Thanki ilibe mlandu, ndipo kumbuyo kwa injini n'kouma. Kanjira kakakulu katsika kuchokera patsinde pa mlongoti, monga ananenera a yankho lachitatu. Komabe paudala wozungulira bawuti imodzi ya keel wanyowa payekha, popanda kanjira kofika pamenepo, ngakhale usiku womwe mvula sinagwe. Kodi ndingaimange ndi sipanala boti lili m'madzi?

Yankho loyamba: Ayi achimwene, imeneyo musaikhudze boti likuyandama, chifukwa kulemera kwa keel kuli pa mabawutiwo, ndipo chitsulo chikhoza kukhala chodyeka mkati pomwe simukuona. Bwerezani paudala pa bawutiyo kuti mutsimikize, mujambule zithunzi, mutumizire mwini wake. Mukhozanso kudumphira m'madzi ndi magalasi, poti ku Cape Maclear madzi ndi oyera, muone ngati pali mng'alu pamene keel yalumikizana ndi thupi la boti, ndipo mufunse ngati linagundapo mwala. Paudalayo akanyowanso, botilo lituluke ndithu mwera usanayambe, pakuti mafunde ake amagwedeza keel kwambiri, ndipo mmisiri ayenera kuona bawutiyo boti litakhazikika pamtunda.