Mawa tikukumana ndi atolankhani ku Mzuzu: ulosi wa mvula tiufotokoze bwanji?

Wa zanyengo, Mzuzu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mawa tili ndi atolankhani a mawayilesi a m'madera pa nkhani ya ulosi wa dzinja. Mapu akalemba 35, 40, 25, ena amakalengeza kuti "chaka chino kugwa mvula 40 peresenti yokha", alimi n'kuchita mantha. Ndiwafotokozere motani?

Mphunzitsi wa geography: Achimwene, musayambe ndi mapu. Tengani zitsekerero za mabotolo 20 muike m'chipewa: 7 zamtundu umodzi zikhale mvula yoposa mlingo wa nthawi zonse, 8 mlingo wake, 5 yochepera. Ndiye 35, 40, 25 yanu ija. Mtolankhani aliyense atole chimodzi osayang'ana, aonetse anzake, abweze. Pakutha pa mzere wina amakhala atatola cha mvula yochepa, ndipo amamvetsa okha kuti nambalazo ndi mwayi woti chinthu chichitike, si kuchuluka kwa mvula. Muwauzenso kuti popanda ulosi gulu lililonse limakhala ndi mwayi pafupifupi 33 peresenti, choncho 40 ndi kupendekera pang'ono chabe.

Wa zanyengo, Karonga: Zoona. Koma mawu akuti "mlingo wa nthawi zonse" ndi amene amasokoneza kwambiri. Mlingowo umachokera pa mvula ya zaka 30, 1991 mpaka 2020, ndipo dera lililonse lili ndi wake. Mvula yomwe ku Nkhata Bay angaitche yochepa, ku Bolero ndi yambiri. Choncho pitani ndi mamilimita a boma lililonse, musangopereka mtundu wa pamapu. Chachiwiri, ulosiwu ndi wa miyezi itatu pamodzi, Okutobala mpaka Disembala, kenako Januwale mpaka Malichi. Mvula ikhoza kukwana mlingo wake koma itagwa yambiri m'masiku ochepa, mitsinje n'kusefukira, kenako ng'amba ya masabata atatu chimanga chikumasula. Pa pepala chaka chabwino, m'munda njala.

Mlangizi wa zaulimi, Mzimba: Funso lomwe silidzalephera ndi lakuti "tibzale liti?" Musatchule tsiku, bambo. Nyengo ya tsiku ndi tsiku siiloseka kupyola masabata awiri. Perekani nthawi yotakasuka, ndipo mutsindike kuti chizimalupsa si mvula yobzalira. Kuno kumpoto mvula imachedwerapo kuyamba kusiyana ndi kumwera. Mawayilesi azitsata malipoti a masiku khumi ndi a tsiku lililonse ochokera ku Nthambi ya Zanyengo, asamangobwereza ulosi wa mu Seputembala mpaka Febuluwale.

Wa zanyengo, Karonga: Ndinaiwala za El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumasintha kagwedwe ka mvula. Atolankhani akangomva dzinali amalemba "chilala dziko lonse". Nthawi zambiri limachepetsa mvula kumwera, pomwe kumpoto imatha kukhala yabwino kapena yochuluka. Mu 2024 boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, osati onse. Mutu wa nkhani wa ku Blantyre usakhale wa ku Chitipa.

Mkonzi wa mapulogalamu a pawayilesi: Ife chomwe timasowa ndi chiganizo chimodzi chachidule choti tiwerenge pa nkhani. Mukapanda kutipatsa, tidula tokha, ndipo podulapo ndi pomwe pamalakwika. Tilembereni cha boma lililonse, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndi Chitonga cha anthu a m'mbali mwa nyanja. Musanatseke msonkhano, awiri kapena atatu awerenge mokweza zomwe alemba, mukonze pomwepo.

Wa zanyengo, Mzuzu: Zikomo nonse. Zitsekerero ndikatolera pa golosale madzulo ano. Mayi a pawayilesi, ziganizo zija ndikutumizirani usiku muzione kaye.